Munda wa Phala wa Mayi Eneless Makina

Anamalira nonse, nthawi yadutsa 2 koloko masana, ndipo mitambo yayamba kuda cha kuphiri la Michesi. Adzukulu atiuza kuti kumanda akonzeka. Tonse tatopa, takhala pano kuyambira dzana, choncho sititalikitsa. Tikudziwa kuti ambiri mukufuna kumva ngati munda wa phala utsale m'manja mwa ana a sukulu kapena ayi. Tifikapo.

Malemu Mayi Eneless Makina, mwana wa kwa Sitima, anabadwa pa 9 Juni 1958 m'mudzi muno. Sukulu anayamba mu 1966 kumishoni, koma analekezera Sitandade 5 bambo awo atamwalira, popeza kumunda kunachepa manja.

Mu 1979 anamanga ukwati woyera ndi a Stafford Makina, mphunzitsi wochokera ku Chiradzulu. Monga mwa mwambo wathu, a Makina anadzakhala chikamwini kuno. Mulungu anawapatsa ana asanu, ndipo awiri anatsogola.

Ntchito ya malemu inali khasu. Ankalima chimanga, nandolo ndi chinangwa kuno kumtunda, ndiponso kampunga pang'ono kudambo la ku Chilwa. Chopereka chawo chinkachokera m'nthaka momwemo. Chimanga cha masika a kutchalitchi ankachipatula chisanalowe m'nkhokwe, ati Mulungu sitimupatsa zimene anankafumbwe alawa kale.

Njala ya 2002 itatha, anayamba kupereka mbuzi zazikazi kwa amayi amasiye. Lamulo linali limodzi: kamwana kakakazi koyamba kapite kwa wamasiye wina, kasabwerere m'khola la malemu. Ena analisunga, ndipo mbuzi za mtundu umenewo zafika mpaka kutsidya kwa mtsinje. Ena anakagulitsa kumsika wa Migowi n'kubwera kudzanena kuti yagwidwa ndi fisi. Malemu sankakangana nawo. Ankangoti afisi a kuno ndi odabwitsa, amadya mbuzi ndi chingwe chomwe.

Mu 2011 anadula chigawo cha munda womwe analandira kwa amayi awo, cha kumunsi kwa mseu, nachipereka kusukulu ya mkombaphala ya m'mudzi muno kuti ana azipeza ufa. M'malire anabzalamo khonje. Anapereka ndi pakamwa, pamaso pa amayi a mvano ndi alongo awo a Eneya Sitima, omwe ndi eni mbumba. Ndi umenewu timautcha munda wa phala.

Mu Malichi 2023 madzi a namondwe Freddy anaukwirira mundawo ndi mchenga ndi miyala. Malemu pamodzi ndi amayi a komiti ya sukulu anatuta miyalayo ndi mabeseni chilimwe chonse. Kuyambira pamenepo anayamba kudandaula phuma ndi kutupa miyendo. Mu Okutobala 2024 anagonekedwa kuchipatala cha boma, komwe madokotala anapeza nthenda ya mtima. Anatuluka, nabwereranso Khirisimasi itadutsa. Anatisiya Lolemba pa 13 Januwale 2025 m'mawa, amuna awo ali pambali.

Tsopano za munda. Madzi a Freddy aja anawononganso minda ya ana a achemwali a malemu, ndipo mpaka lero alibe polima pokwanira. Akhala akufunsa kuti munda wa phala ubwerere ku mbumba. Pempho lawo si loipa, nawonso ali ndi ana. Malemu ankadziwa kuti iwo akadzapita, amuna awo sadzakhala ndi mawu pa nthakayo, pakuti mkamwini sagawa munda wa eni. Ali m'chipatala sanafunse za bokosi kapena nyimbo zodzaimba. Ankangofunsa ngati a Eneya abwera kuti akambe nawo za munda. A Eneya anafika malemu atasiya kale kuyankhula.

M'mawa uno mbumba inakhala pansi, ndipo a Eneya atilola kulengeza zomwe zagwirizanidwa. Abale anali atalola kuti a Makina, poti akalambira kuno, apitirize kulima munda waukulu wa kumtunda moyo wawo wonse. A Makina aubweza mundawo. Akakolola chaka chino, ana a achemwali aja augawana, ndipo a Makina azidya kwa mwana wawo Gertrude. Munda wa phala utsala wa sukulu, khonje lisazulidwe. Nonse muli pano ndinu mboni.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, Gertrude, Owen ndi Magret, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi alongo awo a Eneya.

A banja akuthokoza anamwino omwe anawasamalira, abusa ndi amayi a mvano, adzukulu omwe akumba m'dothi lonyowa, a mabasiketi omwe ankanyamula odzazonda pa njinga zawo, ndi nonse amene mwabwera ndi ufa, nkhuni ndi nandolo. Kwa amene abweretsa mbuzi dzulo osanena dzina, talandira.

Mayi Eneless, mwagwira ntchito yokwanira. Mzimu wanu uuse mumtendere.

Chomaliza. Chifukwa cha matendawa, chimanga cha m'munda wa phala sichinabandiridwe, ndipo udzu wakula. Lolemba m'mawa a Makina akayambira cha kumseu. Amene ali ndi khasu adzawapeze komweko.