Mayi Makwinja a pa Benchi la Kukhomo

Malemu amene agona m'bokosimu, mayi Sellina Makwinja, anabadwa pa 14 Malichi 1974 m'mudzi muno, kumunsi kwa phiri lathu la Zombali. Bambo awo anali a Mateyu Likaka, mayi awo anali a Ella Likaka, onse awiri anatsogola kale. M'banja la ana asanu iwo anali achitatu. Ine ndaima panone ndine Tony Likaka, mlongo wawo wamkulu, ndipo abale andituma kuti ndiwerenge mbiriyi.

Mafumu, akuluakulu a mipingo, ndi nonse mwabwera kudzatikhuza, ndiyambe ndi kupepesa. Mbiri ya pamaliro timakonda kuisalaza kuti aliyense abwerere kwawo mtima uli m'malo. Lero sindisalaza ayi. Kuyambira dzulo pakhala manong'onong'o kuseri kwa siwa, akuti malemuwa sanali membala wa mpingo uliwonse, ndiye sayenera kuimbiridwa nyimbo za Mulungu kapena kuwerengeredwa Mawu kumanda. Akulu a mpingo umene ankapempherako tawafunsa, mpaka pano akuti akukambiranabe. Ndiye imvani mbiri yonse, kenako muone nokha ngati mayi amenewa ndi oti tiwanyamule mwakachetechete.

Malemu anabatizidwa ali khanda mu mpingo wa makolo athu. Anayamba sukulu mu 1981 ndipo analekezera Sitandade 7 mu 1988, pamene mayi athu anadwala ndipo panalibe wina wowayang'anira. Anali a kwaya, mawu awo ankamveka mpaka kumsewu. Koma chimene tonse tikukumbukira ndi mafunso. Ukawauza kuti mtsikana sadya mazira, iwo ankafunsa kuti wanena ndani, nanga amene anadyayo zinamuthera bwanji. Bambo athu ankaseka n'kumati Sellina adzafunsa ngakhale adzukulu kuti akukumbiranji apa osati apo.

Mu 1995 anamanga banja ndi bambo Wilson Makwinja, amene ankacheka matabwa m'nkhalango ya paini pamwamba pa phiri. Ukwati unadalitsidwa kutchalitchi, anthu tinavina. Anakakhala kuphiri konko, ndipo malemu anayamba kugulitsa zipatso m'mbali mwa msewu wokwera phiri: mapichesi, mabulosi, masitiroberi, malinga ndi nyengo yake.

Mu Julaye 1997, chisanu chili pachimake, malemu anabwera kuno kumudzi kudzachira, ndipo anabereka mwana wamwamuna. Mwanayo anamwalira mchombo usanagwe, asanatuluke m'chikuta. Achikulire mukudziwa mwambo wake. Mwana wotere timati nthayo. Sitimulira, sitimuimbira, sitimukhomera bokosi, ndipo amuna sitipitako. Amayi achikulire amamukulunga m'kansalu n'kukamuika kumphepete kwa manda, m'kadzenje kosaya. Powerenga ana a munthu, ameneyo sitimuwerenga. Malemu anauzidwa kuti asagwetse msozi, angatseke mimba. Anamvera, sanalire pagulu.

Koma atachira anapita kwa akulu a mpingo ndi funso limodzi lokha: mwana wawo ali kuti? Wina anati ali kumwamba. Wina anati nkhani ya ana osabatizidwa ndi yovuta, aisiye. Wina anati ameneyo anali asanakhale munthu. Malemu anafunsa kuti ngati ali kumwamba, nanga bwanji palibe anabwera kudzamuimbira ngakhale ndime imodzi. Ngati sanali munthu, nanga mkaka umene unkawanyowetsa bulauzi unali wa yani. Yankho limene analandira linali lakuti mayi wachikhristu safunsa choncho.

Pa 2 Seputembala 1999 anabereka mwana wamkazi, Maria, uyu wakhala pafupi ndi bokosiyu. Chaka chotsatira anapita naye kuti akabatizidwe. Mukudziwa kuti makolo amaima kutsogolo n'kufunsidwa ngati akukhulupirira zonse zimene mpingo umaphunzitsa, ndiponso ngati adzaphunzitsa mwanayo zomwezo. Bambo Makwinja anayankha kuti inde. Malemu, mwana ali m'manja, anati zina akuzikhulupirira ndi mtima wonse, koma zina sakuzidziwa. Tsiku limenelo Maria sanabatizidwe, ndipo posakhalitsa amake anadulidwa pa mgonero. Abale anawanyengerera kuti inde ndi kamawu kakafupi, ambiri amangokanena osaganizako. Iwo anati kunama pamsika n'koipa kale, nanga kunama m'nyumba ya Mulungu utanyamula mwana wako.

Pa 20 Novembala 2006 bambo Makwinja anatisiya, mtengo wa paini utawagwera ali pantchito. Mu 2007 malemu anatsika kuphiri n'kukakhala ku Chikanda, m'tauni ya Zomba, m'kachipinda kamodzi ka pakhomo pa bambo Ramadhani ndi mayi Bushra. Ankakwera phiri mbandakucha kukatenga zipatso, masana n'kumagulitsa kwa ana a kukoleji ndi pamsika. Dengu limenelo ndi limene linaphunzitsa Maria.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna anong'onong'o aja atchere khutu. Munthu woti mwana wake anatayidwa popanda nyimbo, mpingo unamudula, mwamuna wake wafa imfa yotere, akanati za Mulungu basi zatha, ndani akanamudzudzula? Malemu sanatero. Lamulungu lililonse ankamusambitsa Maria, kumuluka tsitsi, kumugwira dzanja, ulendo wokasaka kopemphera. Anayenda, abale. Matchalitchi a njerwa, a m'makalasi, a m'matenti okhala ndi zinkuzamawu zogonthetsa m'khutu, onsewo anawalowa. Paliponse akati alendo aimirire tiwaone, iwo ndi mwana wawo ankaimirira. Ku Chikanda mpaka anawatcha Amayi Alendo, ena ankawaitana dzinalo moseka pamaso pawo. Iwo ankangoyankha kuti zikomo, mlendo ndi amene amaona pamene denga likudontha.

Sikuti ankachoka m'matchalitchimo chifukwa cha matama. Kwina mneneri anawauza kuti mwana wawo uja anadyedwa ndi mfiti za kwawo, n'kuyamba kutchula mayina a azakhali athu. Malemu anangodzuka pakati pa pemphero, kumugwira Maria, ulendo. Kwina mphunzitsi wa Sande sukulu anauza ana kuti wosabatizidwa aliyense akapsa kumoto. Maria anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anabwera kunyumba ali ndi mantha, chakudya chinamukanika. Amake anamukhazika pamiyendo n'kumuuza kuti za kumwamba sadziwa zambiri, koma chimene anawerenga ndi maso awo n'chakuti Yesu ananyamula ana m'manja osafunsa kuti anabatizidwa kuti. Umu ndi mmene anamulerera mwanayu. Madzulo ankawerenga naye Baibulo ndi kupemphera. Chimene ankachidziwa ankamuuza mosazengereza, chimene sankachidziwa ankati sindikudziwa mwanawe, tiye tifunse limodzi.

Mu Febuluwale 2012, tsiku Lamulungu, mvula inawapeza chakumtunda kwa damu la Mulunguzi akuchokera kotenga zipatso. Anathawira m'katchalitchi ka matabwa otsala pocheka, ka anthu ogwira ntchito m'nkhalango, ndipo anakhala pa benchi la kukhomo, dengu lili pamapazi. Mapemphero ankatsogolera ndi mkulu wa mpingo, a Gunde, amene ntchito yawo inali kulondera moto m'nkhalango. Atatha mapemphero mvula inali isanakate, ndiye malemu anawafunsa funso lawo lija. A Gunde anawayankha kuti sakudziwa. Anati nawonso ali ndi wawo, wamkazi, kumphepete kwa manda kwawo ku Jali, ndipo m'mawa uliwonse amamutchula kwa Mulungu popanda kudziwa kuti ali mbali iti. Anawauza kuti benchi limenelo lilibe mwini, akafuna azibwera.

Malemu anatiuza kuti tsiku limenelo ndi limene analira maliro a mwana wawo, patatha zaka khumi ndi zisanu. Anapeza mpingo pa tsiku limene munthu wa Mulungu anawayankha kuti sakudziwa.

Kuyambira 2012 mpaka matenda atawagwetsa, Amayi Alendo sanapitenso kwina. Phiri lonse lija ankalikwera wapansi Lamulungu lililonse. N'zoona, sanaimirire kutsogolo kuti alandiridwe, chifukwa funso lolandirira munthu linali lomwe lija, ndipo yankho lawo linali lisanasinthe. Yunifolomu sanavale, mgonero sanadye. Koma funsani kuti ankasesa tchalitchicho ndani. Funsani kuti nsalu ya patebulo la mgonero, tebulo limene iwo sankadyapo, ankachapa ndi kusita ndani. Pa maliro a m'nkhalangomo, nkhuni zoyamba kufika zinkakhala pamutu pawo, ndipo nyimbo zikayamba kufooka ndi iwo ankazidzutsa. Ena mwa inu amene mwavala zoyera lero, amuna anu ndi amayi anu anaimbiridwa ndi pakamwa pomwepa.

Ndipo pali china chimene ankachita, chimene ambiri sankachikonda. Akamva kuti mayi wina mwana wake wapita asanatuluke m'chikuta, iwo ankapita, kukhala naye pamphasa, kumufunsa dzina limene anamukonzera mwanayo, n'kuimba nyimbo imodzi chapansipansi. Achikulire ankawakalipira kuti akuswa mwambo. Iwo ankapepesa mwaulemu, koma zikachitikanso kwina ankapitanso. Amayi amenewo ena ali pompano, ndawaona, sindiwatchula.

Mu 2016 Maria, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, anapempha yekha ubatizo. Palibe anamukankha, palibe anamuopseza ndi moto. Anaimirira kutsogolo n'kuyankha inde wakewake, amake ali pa benchi la kukhomo akuimba nthungululu kuposa aliyense. Lero Maria ndi mphunzitsi wa kupulayimale ndipo ndi amene amatsogolera kwaya ya mpingo womwewo. Amene mukuti malemuwa analibe chikhulupiriro, tandiuzani, mwana ameneyu anachitenga kuti? A Gunde anamwalira mu 2019. Akanakhala moyo, sitikanagona dzulo tikudikira yankho.

Malemu anayamba kudandaula m'mimba mu Okutobala 2024. Kuchipatala chachikulu cha kuno ku Zomba anapeza kuti ndi khansa, ndipo anawatumiza ku Blantyre, kumene analandira chithandizo kangapo. Mu Meyi chaka chino, atafooka kwambiri, anthu ena okoma mtima anabwera kudzawaona n'kuwapempha kuti angonena inde uja ali pabedi pomwepo, kuti za maliro zisadzavute. Malemu anawathokoza, anawapempha kuti apemphere nawo, ndipo anapemphera. Koma anati inde amene anakana kumunena ali ndi mphamvu sangamunene lero chifukwa choopa kuikidwa popanda kwaya. Anati Mulungu akuwadziwa mmene alili, ndipo safuna kukafika kwa Iye atavala nkhope yobwereka. Anatisiya Lolemba lapitali, pa 9 Juni 2025, ali ndi zaka 51, dzanja lawo lili m'dzanja la Maria.

Adzukulu athu anadabwa m'mawa uno titawalozera pokumba. Sitinawalozere pakati pa manda pamene pagona makolo athu ayi, koma kumphepete, pafupi ndi tchire, pamene amayi achikulire anapita ndi kansalu mu 1997. Malo amenewo anasankha okha malemu. Bambo athu ananena moseka kuti Sellina adzafunsa adzukulu pokumba. Sanafunse, anachita kulamula.

Tsono ife abale tagwirizana motere. Akulu a mpingo, sitikukukakamizani, malamulo anu mukuwadziwa ndinu, ndipo tikukulemekezani. Koma sitidikiranso. Ndikangokhala pansi, Maria ayambitsa nyimbo, ndipo bokosili linyamuka ndi nyimboyo mpaka kumanda. Amene mtima wake ukumulola aimbe, kaya wavala yunifolomu kaya chitenje, kaya mpango wa kumzikiti. Amene ukumuletsa akhale chete, sitimusungira chakukhosi. Kumphepete kuja kunapita kale munthu mmodzi wa m'banja lino popanda nyimbo. Wachiwiri ayi.

Mwa ana asanu aja, wina anatsogola kale, ndiye malemu asiya alongo awiri, ine ndi a Yohane, ndi mng'ono wawo mmodzi, mayi Yvonne. Pa za ana, mwambo umati ndinene kuti anabereka mwana mmodzi. Pepani mafumu, sinditero. Mayi Sellina Makwinja anabereka ana awiri. Wamoyo ndi Maria. Woyamba, amene anatsogola, dzina lake ndi Hopewell Makwinja, ndipo nyimbo ya leroyi ndi yakenso.

Tikuthokoza madokotala ndi anamwino a ku Zomba ndi ku Blantyre. Tikuthokoza mayi Bushra, amene anawasambitsa ndi kuwatembenuza pa matenda onsewa ngati m'bale wawo wa bere limodzi, ndi bambo Ramadhani amene anapereka galimoto yobweretsa thupi. Tikuthokoza anzawo ogulitsa zipatso, ocheka matabwa amene akhoma bokosili ndi manja awo, amayi amene mwaphika ndi kutunga madzi, adzukulu, ndi mafumu amene mwatilola kukumba pamene tapempha.

Achemwali, mwayenda mokwanira, kumene mukupitako sakakuimiritsani ngati alendo. Funso lanu lija mukafunse nokha kwa Mwini wake. Mzimu wanu uuse mumtendere, pambali pa mwana wanu.

Maria, mwanawe, dzuka uyambitse.