Agogo Anayi a Kinsley

Loweruka lina kwa Kanduku, a Petro, mkulu wa mpingo, anakhala pansi pa mtengo wa manachesi atakonzeka kukana Kinsley, namwino wa kuboma amene ankafuna Thandie, mwana wa mlongo wawo. Mnyamatayo atafika anawatolera chipewa chimene chinagwa, n'kuchisasa fumbi, koma iwo anachita ngati sanaone.

"Kwanu n'kuti, achimwene?"

"Kuseri kwa chipatala, malume. Nyumba ya chitseko chobiriwira."

"Ndikunena mtundu."

"Oo. Agogo obala bambo anali Mtonga."

A Petro anagwira chibwano. "Ayi ndithu. Mtonga amasita ndi sokosi zomwe, khasu amalithawa. Thandie azilima yekha."

"Simbi ndilibe, malume. Malaya ndimaika pansi pa matiresi. Koma akazi a agogowo anali Mlomwe."

"Mlomwe? Ndiye mwana wathu ndiwo zake ndi njoka."

"Amagulitsa kuti? Pamsika sindinazionepo."

"Sagula. Amakumba."

"Ndikumbe ndi chiyani, poti khasu ndimalithawa?"

A Petro anatseka maso, napempha Mulungu mtima wodekha. "Nanga kuchikazi?"

"Agogo aamuna anali Myao."

"Basi, zatha. Myao amagulitsa chilichonse. Mbuzi zangazi ndidzazipeza paboda."

Kinsley anaziyang'ana mbuzizo mwachifundo. "Khola ndilibe, malume. Agogo aakazi ndiye anali Mtumbuka."

"Aja ofunsira mbeta m'Chingerezi?"

"Ine ndinafunsira m'Chichewa. Ndikayambirenso?"

"Musayambirenso chilichonse. Mitundu inayi m'thupi limodzi, iii, Thandie sangathe."

"Zandichulukiradi," anavomera Kinsley modandaula. "Bola inu, malume. Thandie anati ndinu Mngoni yekhayekha, ndipo anzanga kuntchito anandilangiza bwino."

Anatsegula chikwama, natulutsa chigubu cha masese ndi mwendo wa mbuzi wootcha, n'kuziika ndi manja awiri pamapazi pawo. A Petro anadzuka ngati akhalira linthumbu, maso ali kunjira ya kutchalitchi.

"Bisani msanga, abusa amadutsa pano."

"Simumwa?"

"Chibatizidwire sindinalawe."

"Nyamayi?"

"Adokotala anandiletsa. Mawondo amatupa."

"Nanga ndiwo zanu?"

"Therere," anayankha chapansipansi.

Kinsley anagwada, akuoneka wachisoni chenicheni. "Pepani, malume, ndiye kuti Thandie anangomva zolakwika. Kodi inuyo kwanu kwenikweni n'kuti?"

"Konkuno. Ndine Mngoni."

"Wa therere?"

"Zamitunduzi n'zonena anthu osowa chochita. Munthu umamuona yekha."

"Ndiye simbi ndisagule?"

A Petro anakhala pansi, navala chipewa mpaka m'maso.

"Kaitaneni ankhoswe anu, mwanawe. Mtengeni Thandie msanga musanandichotse pa Ungoni."