Thadzi la a Yesaya Nakoma

Malemu amalume anga a Yesaya Nakoma anabadwa m'chaka cha 1902 kutsidya, m'dziko la Apwitikizi. Tsiku lenileni palibe akulikumbukira. Anafika ku Thyolo kuno mu 1905 ali kumsana kwa mayi awo. Sukulu anayamba ku mishoni mu 1911, ndipo analekezera Sitandade 2.

Mu 1916 analembedwa ntchito yothenera tiyi pa esiteti ino. Ndinafunitsitsa kudziwa kuti mpira anauyamba bwanji. Akuluakulu andiuza kuti mpira wachikopa woyamba anaugula ndi mwini sitolo, osati chifukwa choukonda, koma chifukwa anthu akabetcherana nkhuku, mabulangete kapena mbuzi, ankasungitsa kwa iyeyo, iye n'kumatapapo gawo lake. Malemu anawaika pagolo. Akuti ankawakha mpira ngati akuthyola papaya.

Achibale anati chaka cha 1923 ndichilumphe. Pepani, sindichilumpha. Chaka chimenecho anyamata a esiteti ino anasewera ndi a ku Goliati, ndipo anthu anabetcha kwambiri. A Blackson, mnzawo wa malemu wapamtima, anaikapo mbuzi yawo imodzi yokhayo. Masewero ali pafupi kutha, mpira wofooka, woti ndi mwana yemwe akanaugwira, unadutsa pambali pa malemu n'kulowa. Amene anaumenya anali mlongo wawo wa mayi Anesi, omwe akhala pambali pa bokosi apawa. Posakhalitsa anthu anaona thadzi lochokera ku banja lomwelo likusakasaka pakhomo pa malemu. Basi, mbiri inawanda kuti anagulitsa golo ndi nkhuku. Anawapatsa dzina loti Thadzi, anawachotsa pagolo, ndipo a Blackson sanawapatsenso moni. Malemu sanayankhepo kanthu. Koma ana awo mpaka lero amatchedwa anapiye kusukulu.

Dzana ndinafunsa mayi Anesi. Thadzi lija linali la chinkhoswe, chimene chinachitikira ku Goliati anzawo a malemu atakana kupitako chifukwa cha mkwiyo wa mpira uja. Akuchimuna anapereka tambala, akuchikazi anabweza thadzi, monga timachitira tonse. Nanga mpirawo unadutsa bwanji? Akuti malemu anali atawafunsira kwa miyezi yambiri, iwo akukana. Tsikulo mayi Anesi anaima kuseri kwa golo n'kuitana kuti, “A Yesaya, zija ndalola!” Malemu anacheuka. Ine ndikuti, ndani mwa amuna muli pano sakanacheuka? Nditafunsa chifukwa chimene anasankhira nthawi imeneyo, mayi anangodziphimba kumaso ndi nsalu.

Sindinadikire kuti akuluakulu akambirane. Ndinathamangira kwa a Blackson n'kuwafotokozera zonse. Iwo anati, “Iwe mphwanga, ndiye kuti mbuzi yanga inapita ku ukwati? Bwanji osandiitana ndidzadyeko chiwindi?” Atatero anapukuta m'maso n'kufunsa kuti malemu anali otalika bwanji.

Ukwati wa malemu ndi mayi Anesi unadalitsidwa m'tchalitchi mu 1924. Mu 1931 anakwezedwa kukhala kapitawo. Anayamba kudwala chifuwa mvula yoyamba itagwa chaka chatha. Anagonekedwa ku chipatala cha pa boma, komwe anatisiya Lachiwiri pa 9 Malichi 1937.

Asiya mkazi wawo, ana atatu, Miriam, Winston ndi Ellen, komanso mlongo wawo mmodzi, amene ndi mayi anga. Tikuthokoza ampingo, adzukulu, amayi amene agona pasiwa ndi anzawo a kuntchito amene anawanyamula pamachira kupita ku boma. Tikuthokozanso a Blackson. Bokosi limene malemu agonamoli alikhoma ndi iwowo, ndipo apempha kuti anyamule kumutu.

Miriam, Winston, Ellen, mawa wina akakutchani anapiye, muvomere mokweza. Thadzilo linali la ukwati.

Amalume, pitani mukapume mu mtendere wa Ambuye.