Kompyuta Yosazima ya Apongozi

Kompyuta ya m'chipinda chakuseri kwa shopu ya wokonza mawotchi inali isanazimepo chimwalirire mkazi wake, pakuti mayiyo anasiya masewera a makadi pa sikirini asanawamalize. Tsiku limene chitsirizira wake ankalandira digiri kutali, mwambo wake ukuonetsedwa pa intaneti, mwana wamkulu anatuma mwamuna wake, wopereka mankhwala kuchipatala, munthu wochita ndendende zimene wauzidwa, kuti akaikemo mapulogalamu atsopano.

"Yakana, bambo," anatero mkamwiniyo akuloza pakona pa sikirini. "Ikuti bulawuza yanu yotsegulira intaneti ndi yakale."

Mkuluyo sanadzutse mutu. Anali ndi kagalasi m'diso, akutokosa wotchi ya munthu.

"Nanenso ndine wakale. Mwandimva ndikukana?"

"Ayi, simunakane."

"Ndiye ikani yatsopanoyo."

"Singakhale pa sisitemu iyi. Sisitemu ndiyo pulogalamu yaikulu, imene inzake yonse imatsamirapo. Nayonso inatha kalekale. Ndabwera nayo ina pa fulashi."

"Ikani."

"Ndikaika, kompyutayi iyenera kuzima, kenako n'kuyakanso."

"Siizima."

"Izima, bambo. Malangizo akutero."

"Ndati siizima."

Mkamwini anayang'ana makadi amene anali ndondondo pa sikirini, ofiira ndi akuda, utoto wake utafwifwa ngati malaya oyanikidwa chaka chonse. Kenako anasuzumira pansi pa tebulo.

"Mabatire a galimoto awa ndi a chiyani?"

"Ndi okongoletsa. Ena amaika maluwa."

"Oho. Koma limodzili likudontha, liwononga simenti."

Mkuluyo anachotsa kagalasi kaja m'diso n'kumuyang'ana mkamwini wake nthawi yaitali. Munthu ameneyu anamupatsa yekha mwana wake, masana dzuwa likuswa mtengo, asanamwe kanthu.

"Magetsi akathima, mabatirewo ndiwo amagwira," anatero pang'onopang'ono. "Ndinalumikiza ndekha. M'nyumba muno chinthu chikayamba kuyenda sichiima."

"Ndiye sitingaike sisitemu."

"Ikani osazimitsa."

"Sizitheka."

"Sizitheka! Nanga bwanji osangoinyamula, mukaiike pamsewu, galimoto ya zinyalala idzaitole?"

Mkamwini anapinda manja a malaya, n'kukumbatira chibokosi cha kompyuta, n'kuyamba kuchikweza.

"Iii! Mukutani?"

"Mwati pamsewu."

"Siyani! Ikani pansi! Pang'onopang'ono!"

"Ndimati ndikufunseni kumene. Chingwechi n'chachifupi, sichifika pamsewu isanazime."

Mkuluyo anasisita pamwamba pa bokosilo ndi chikhatho. Fani ya m'kati inkalirabe ngati munthu wa chifuwa. Mtima wake unakhala pansi pang'ono.

"Pali njira ina," anatero mkamwini, akusolola foni m'thumba. "Mlamu wanga tikhoza kumuonera pano."

Foniyo inali yaing'ono, galasi lake litang'ambika pakati.

"Zabwino zedi. Mwana wanga wadya mabuku zaka zonsezi kuti ndidzamuone ngati nsabwe pa galasi losweka. Mundipatsenso singano, ndizimulozera."

Mkamwini anapita pa benchi yogwirira ntchito, n'kufunafuna pakati pa timasikuluwu ndi timagudumu ta mawotchi.

"Singano palibe. Kansonga aka kangathandize?"

"Bwezerani pamene mwakatenga."

"Ndabwezera."

"Si pamenepo."

"Mwati pamene ndakatenga."

"Munakatenga kutsogolo kwa botolo la mafuta. Khalani pansi, akamwini, musanandiphe. Kapena imbirani akazi anu, muwauze kuti bambo awo apenga lero."

Mkuluyo anabwezera kagalasi m'diso. Atangogwira wotchi ija, anamva mawu kumbuyo kwake.

"Halo, amake mwana? Bambo akuti ndikuuze kuti apenga lero. Eya. Ayi, anena okha."

"Dulani foniyo!"

"Akuti ndidule. Eya. Chabwino." Anaika foni m'thumba. "Akuti musaiwale mankhwala a magazi. Akutinso mukapanda kumuona mng'ono wawo akulandira digiri, musadzayembekeze kuti adzakulankhulitseni chaka chino."

Apa mkuluyo anaika wotchi ija pansi. Chitsirizira uja ndiye anamuimbira dzulo lake, mawu akunjenjemera: adadi, amayi kulibe, inu mukhalepo. Iye anayankha kuti adzakhalapo. Sanali munthu wolonjeza kawirikawiri.

Mkamwini anakhala pa mpando wa kompyuta, manja pa mawondo.

"Bambo, kodi makadiwa ndi ofunika kwambiri?"

"Ayi. Mabatire ndinagulira chisangalalo."

"Oho."

"Ndi a apongozi anu aakazi!" Mkuluyo anakhosomola, n'kutsitsa mawu. "Ankasewera masana amenewo. Kunja kunayamba mdima wa mvula. Ananyamuka kuti akaanule zovala. Anati, musandikhudzire, ndikubwera."

"Ndiye anabwera?"

"Inu mukuona bwanji?"

Mkamwini anaganiza kaye.

"Sanabwere."

"Sukulu ndi yabwino. Munalipo pamaliro, akamwini. Munanyamula nawo bokosi."

"Mbali ya kumiyendo."

"Zikomo pondikumbutsa."

"Zikomo, bambo."

Mawotchi a pakhoma ankangoti ke, ke, ke, aliyense ndi liwiro lake. Mkamwini anasendeza nkhope pafupi ndi sikirini, milomo ikuyenda ngati akuwerenga chikalata cha dokotala.

"Koma bambo, amayi anatsala pang'ono kumaliza. Taonani. Seveni yofiirayi ikapita pa eyiti yakudayo, khadi lotsala litembenuka, zonse zitseguka."

"Eee! Zoona? Kalanga ine, wakhungu! Zaka zonsezi ndimangoyang'ana ngati mbuzi pa bolodi. Mwayi wanga mwabwera, akatswiri. Sewerani nanga. Malizani. Malemu ankadikira inuyo."

Mausi inalira kamodzi m'dzanja la mkamwini. Inaliranso.

Makadi anayamba kudumpha pa sikirini, limodzi pambuyo pa linzake, kugwa ndi kunjanja, kusiya mizere yoyera paliponse. Kasipika kamene kanakhala chete zaka zonsezo kanaimba kanyimbo kachisangalalo.

Kagalasi kanagwa m'diso la mkuluyo n'kugubudukira pansi pa benchi.

"Mwatani?"

"Mwati ndimalize."

"Ndati... Ambuye wanga."

"Ndamaliza."

Mkuluyo anaimirira, n'kukhalanso. Anafuna mawu oti amulase nawo munthu ameneyu, mawu akuthwa ngati kansonga kaja. Koma anangoyang'ana makadi a mkazi wake akutha, mpaka lomaliza linadumpha n'kutuluka pakona.

"Palembedwa kanthu," anatero mkamwini motsitsa. "Akuti palibe amene anapambanapo chonchi pa kompyuta ino. Amene anali pamwamba watsika."

"Ndamva."

"Anali ndani?"

"Mlonda wa pa banki."

"Amabwera kudzasewera muno?"

"Ndinali ine!"

Mkamwini anatembenuka ndi mpando womwe.

"Ndiye seveni ija munkaiona?"

"M'mawa uliwonse, ndikamapukuta fumbi."

"Nanga bwanji simunai..."

"Anati ndisakhudze." Mkuluyo anatulutsa kansalu kopukutira magalasi a mawotchi, n'kupukuta nako mphuno. "Komanso akanandiposa. Mayi uja ankati tsiku lina adzandiposa, ine n'kumati muyambe mwaphunzira kugwira mausi. Ndiye ndinangoti tikhale choncho. Iye asanapambane, ine ndisanagonje."

"Pano mwagonja."

"Ndaona."

"Ndi zambiri ndithu. Akusiyani kutali."

"Ndati ndaona, akamwini."

Anayang'ananso sikirini ija. Panalibe makadi, panangotsala kabokosi kofunsa ngati akufuna kuyamba masewera ena. Mwadzidzidzi anaseka, kuseka kwaufupi kotulukira m'mphuno.

"Mayi uja wabwera ndithu. Wachedwa, koma wabwera, ndipo wabwereka dzanja la chitsiru." Anapumira m'mwamba. "Chabwino. Zimitsani. Ikani zanuzo, tione mwana."

Mkamwini sanasunthe. Anapinda manja pachifuwa, n'kumwetulira ngati munthu amene wangotulukira chinsinsi.

"Ayi, bambo."

"Mwati?"

"Pano ndakudziwani. Munati pamsewu, simunatanthauze pamsewu. Munati singano, simunafune singano. Munati ndisewere, taonani zimene zachitika. Inu mukati chakuti, ndiye kuti si chakuti."

"Pano ndikunenadi."

"Ndi mmene mumanenera nthawi zonse."

"Akamwini, zimitsani kompyutayo."

"Sindingayerekeze. Ndi ya amayi."

Nthawi yomweyo mawotchi a pakhoma anayamba kulira, wamkulu kutsogolo, ang'onoang'ono pambuyo. Mwambo unali pafupi, ndipo sisitemu yatsopano siilowa ngati madzi m'kapu.

"Tapatukani!"

Mkuluyo anawerama, mawondo akulira, n'kuzula pulagi pakhoma ndi dzanja lake. Anadzuka akupuma mwamphamvu. Pansi pa tebulo panamveka kaphokoso kakang'ono, ndipo fani inapitiriza kulira. Sikirini inkawalabe.

"Mabatire agwira," anatero mkamwini mwaulemu. "Munalumikiza bwino kwambiri."

"Batani lake lili kuti?"

"Simukulidziwa?"

"Ndinayamba ndazimitsapo ine? Ankazimitsa ndi malemu. Ndionetseni!"

"Ndiye kuti ndisakuonetseni."

Mkuluyo anatseka maso. Anaganiza za chitsirizira wake atavala mkanjo ndi chipewa chija, akuyang'ana kamera, akukhulupirira kuti bambo ake ali mbali inayo. Kenako anaimirira njo, n'kuloza mkamwini wake ndi chala.

"Tamverani bwino. Kompyuta iyi musaizimitse. Musayerekeze n'komwe. Fulashi yanuyo musailowetse, ndipo musafulumire, chifukwa mwana wangayo sindikufuna kumuona ngakhale pang'ono."

Nkhope ya mkamwini inawala. Analowetsa fulashi, n'kudina batani lomwe linabisika ndi fumbi. Fani inakhosomola komaliza n'kukhala chete. Pa galasi lakuda mkuluyo anangoona nkhope yake, ndi ya mkamwini pambali pake ikumwetulira.

"Mwaona, bambo?" anatero mkamwini akupinda manja a malaya. "Mukamalankhula zomveka, ine sindivuta."