Mayi Perpetua Goma Agona ku Tembwe

Malemu mayi Perpetua Goma anabadwa pa 9 Juni 1981 kuno ku Tembwe. Sukulu analekeza Giredi 7. Mu 1999 anakwatiwa ndi bambo Robson Lungu a ku Chifunda, kumene ankalima mpunga.

Banjalo linali la nkhanza. Malemu ankathawira kuno ali ndi mabala, ankhoswe n'kuwabweza. Mu Epulo 2013, amuna awo atawakanyanga pakhosi, malemu anawatema ndi khasu limene linali pafupi. Bambo Lungu anamwalira tsiku lomwelo. Malemu anakadzipereka okha kupolisi.

Mu 2014 khoti linawapeza olakwa pa mlandu wopha munthu mwadala, n'kulamula kuti akhale m'ndende moyo wawo wonse. Za nkhanza zija sizinamveke pa mlanduwo, poti panalibe amene anaitana mayi Irene Zimba, namwino amene ankawasoka mabala. Mu 2021 loya wina wothandiza osauka anachita apilo, ndipo khoti linamva umboni wa mayi Zimba. Linagamula kuti malemu sanaphe mwadala, komanso kuti zaka zimene anakhala m'ndende zinali zokwanira.

Atatuluka anakhala kwa alongo awo, a Cyprian Goma, n'kumasoka mayunifolomu a ana a sukulu, ntchito imene anaiphunzira kundende. Koma akuchimuna anakana kuwasudzula. Choncho pamwambo anali akadali akazi a bambo Lungu, oyenera kukaikidwa ku Chifunda pambali pa manda a amuna awowo. Malemu ankaseka n'kumati boma lawamasula koma apongozi akadawagwira mwendo. Atayamba kudwala mtima mu Janyuwale chaka chino anasiya kuiseka nkhaniyi. Anangopempha kuti asakagone pafupi ndi munthu ameneyo. Anamwalira Lachiwiri pachipatala cha ku Chama.

Mpaka dzulo manda anali asanakumbidwe, poti mabanja awiriwa sanagwirizane. Lero m'mawa alamu awo, a Meshack Lungu, afika n'kuwasudzula malemu ali m'bokosi momwemo. Anena kuti mbale wawo akumulirabe, ndipo kukhululuka sanakhululuke, koma zimene zinkachitika m'nyumba ija ankazimva ndi makutu awo. Motero malemu agona kuno, pambali pa mayi awo.

Asiya ana awiri, Hellen ndi Bruce, komanso mdzukulu mmodzi.

Banja likuthokoza mayi Zimba, loya uja, amayi a mpingo amene ankawayendera kundende, ndi a Meshack Lungu. Okumba manda ayamba kale ntchito, tiwadikire pang'ono.

Mzimu wa mayi Perpetua Goma uuse mumtendere.