Malinki a Ntchito Ankachokera pa Tsamba Lakale

Zikomo pondiwerengera nkhaniyi pa wailesi. Ndimakhala ku Chibavi kuno ku Mzuzu, ndipo chimalizireni maphunziro a unamwino sindinapeze ntchito.

Achimwene anga, omwe akuphunzira zamakompyuta ku yunivesite, anandimvera chisoni poona mmene bandulo inkandithera pofufuza ntchito pa intaneti. Analemba kapulogalamu kolowa pa tsamba lolengeza ntchito n'kutola malinki onse a ntchito zachipatala. Lolemba lililonse ankanditumizira malinkiwo pafoni, ine n'kumangothokoza kuti, "Yewo chomene, achimwene." Ndinasiyiratu kufufuza ndekha.

Koma malinki ankabwera omweomwewo. Nditafunsa, anati, "Ndiye kuti kulibe zatsopano, mlongo wanga. Makina sanama."

Tsiku lina m'minibasi ya ku Katoto ndinakumana ndi mnzanga wa m'kalasi atavala yunifomu. Anadabwa. "Iwe sunalembere? Chipatala chathu chinkafuna anamwino, atseka mwezi watha."

Nditawafotokozera achimwene, anatsegula laputopu n'kugwira pakamwa. Nthawi yomwe ankayesa kapulogalamuko, anasunga tsambalo m'kompyuta ali pa intaneti yaulere ya kusukulu, poopa kuwononga bandulo kunyumba. Kenako anaiwala kusintha kapulogalamuko kuti kaziwerenga pa intaneti. Masabata onsewo kankangobwereza tsamba lakale lomwelo.

Sindinawakalipire, koma zinandiwawa kwambiri. Anakakonza, ndipo pano kakugwira bwino.

Omvera anzanga, makina akamakutolerani malinki, muzilowabe pa tsambalo n'kuona ndi maso anu. Ine ndikadali pakhomo, ndipo mnzanga uja ndimamuona m'mawa uliwonse akudutsa pa siteji yathu, wa ku ntchito.