Beseni la Pamaliro a Bambo a Chisomo

Ambuye alemekezeke, abale ndi alongo! Ndati alemekezeke! Moni abusa, moni akulu a mpingo, moni amayi anzanga. Ine ndine Nabanda, amake Chisomo, uja wogulitsa tomato pokwerera makombi, maminibasi aja, kuno ku Kambuzuma. Lero sindiyamba ndi nyimbo. Ndabwera ndi mkwiyo, ndipo Mulungu akuudziwa.

Ife tinabadwira m'dziko lino pa famu ya fodya, koma makolo athu anachokera ku Malawi. Ntchito itatha tinabwera m'tauni muno, tinapeza chipinda cha lendi. Nyumba imodzi, mabanja asanu, chimbudzi chimodzi! Chimbudzi chofuna madzi, koma pampopi pali gwaa. Tithiremo chiyani? Malovu? Kenako paipi ya suweji inaphulika kuseri kwa nyumba. Zonyansa zinadzaza msewu, ana n'kumalumpha popita kusukulu. Tinakanena ku maofesi a khonsolo. Anati tibwera. Tinapitanso. Anati tibwera. Abale, mpaka lero akubwerabe!

Madzi akumwa tinkatunga pachitsime chokumba tokha, pafupi ndi paipi yomweyo. Tikanatunga kuti?

Amuna anga, bambo a Chisomo, ankagwira maganyu onyamula matumba kumafakitale a ku Southerton. Lachiwiri anabwera akudandaula m'mimba. Lachinayi m'mawa anatisiya. Kolera. Munthu wamphamvu ngati uja, masiku awiri basi!

A zaumoyo anatiuza kuti, "Maliro awa musaphike, musagwirane chanza, muike lero lomwe." Thupi anatipatsa lokulunga m'pulasitiki, sitinalisambitse n'komwe. Titabwerako kumanda, alamu anga, akulu awo a malemu, anandiitana. Anati, "Mlamu, anthu achokera kumafamu, abwerere ndi njala? Mng'ono wanga sanali galu. Phikani."

Ndimvereni bwino, abale. Mawu a zaumoyo ndinawamva. Mawu a alamu ndinawamva. Ndinasankha ulemu. Tinaphika.

Ndiye mwambo wathu mukuudziwa. Beseni limodzi. Amayamba kusamba m'manja ndi azibambo, kenako amayi, ana pamapeto. Madzi omwewo. Ndi kusowa kwa madzi kuja, akanataya ndani? Beseni linafika pa Chisomo madzi ali bii. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi. Anaviika manja, n'kuyamba kudya. Ine ndikuona ndi maso angawa. Sindinanene kanthu, poopa kuchititsa manyazi akuluakulu.

Patapita masiku awiri Chisomo anayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza. Ndinamubereka kumbuyo, msinkhu wonsewo, mpaka kumatenti a kolera kuchipatala. Anamugoneka pabedi loboola pakati, chidebe pansi. Maso analowa m'kati. Nesi anafunafuna mtsempha woti abaye diripi, pamkono palibe, padzanja palibe. Mwana wanga, mukudziwa ana athu, Chishona ndiye chawo, ankangoti, "Mhamha, mvura." Akupempha madzi. Madzi!

Ndinapemphera, koma si pemphero laulemu ayi. Ndinati, "Mulungu, mwamuna mwatenga, suweji mwaisiya. Mutengenso uyu, muone ngati ndidzapondenso m'tchalitchi!" Inde, ndinatero. Musandiyang'ane choncho. Iye anamva, ndipo sanandikanthe.

Mtsempha unapezeka paphazi. Diripi itayamba kuyenda, nesi uja anandifunsa kuti, "Mayi, pamaliro munadya?" Ndinavomera. "M'manja munasamba bwanji?" Ndinamuuza zonse. Sanandikalipire. Anatenga jagi ndi sopo, n'kundithirira madzi m'manja, akugwera pansi. Anati, "Madzi amene asambitsa munthu mmodzi atha ntchito. Asapite kwa wina."

Kaya chinali chitsime, kaya linali beseni, adziwa ndi Mulungu. Koma beseni lija ndinaliona ndekha, ndinakhala chete ndekha.

Tsiku lachinayi Chisomo anadzuka n'kukhala tsonga. Anati akufuna maputi, chimanga chokazinga chija. Maputi, abale! Ndinalira mpaka odwala anzake anayamba kunditonthoza. Aleluya! Uyo wakhala apoyo, wa diresi yachikasu. Imirira mwanangu, akuone. Ameni!

Mwezi wotsatira kunagwa maliro ena mumsewu mwathu, a agogo ena ochokera ku Tete. Nthawi ya chakudya, beseni lija n'kutulukira, likupita kwa azibambo. Ndinanyamuka, ndinalilanda, ndinakhuthula madzi onse pansi. Alamu anga, amene analinso pamalirowo, anati, "Mayi awa chisoni chawazunguza mutu." Ndinati, "Inde alamu, chandizunguza. Tambasulani manja." Kenako anatambasula, ndinawathirira.

Lero ndikuthokoza Mulungu pondisiyira mwana. Ndikugulitsabe tomato. Madzi akumwa ndimawiritsa, ngakhale nkhuni zikudula. Koma musaganize kuti mkwiyo watha. Suweji ikuyendabe pakhomo panga. Chimbudzi chikadali chimodzi. Ena akatidutsa amati anthu obwerawa ndi auve. Auve ndife? Paipi tinaphulitsa ndife? Lolemba lililonse amayi a mumsewu mwathu timapita ku maofesi aja, ndipo akationa amabisala. Abisale! Tipitabe. Zonyansa za mumsewu sindingaziletse ndekha, koma za m'beseni ndingathe.

Tikatuluka muno pali chakudya cha mpingo. Polowa ndinaona beseni pakhomo, madzi ali kale m'menemo. Musavutike kulifuna, ndalibisa. Mundipeza panja ndi jagi ndi sopo. Ana ndiwo ayambe, Chisomo patsogolo. Abusa, mundikhululukire, lero musamba pomaliza.

Ambuye akudalitseni nonse. Ameni.